Foni Imene Inalemetsa Seva ya Alimi

Mdzukulu wanga atalembedwa nchito ku kopaletivi ya alimi ku Petauke, anamupatsa kusamala seva, bokosi lakuda lokhala pansi pa tebulo. M'menemo munali wiki, buku limene mlimi aliyense amalembamo ndi foni, ndipo aliyense angafufute za mnzake. Nditamva ndinati, ndiye mwamanga nkhokwe pakati pa mseu.

Ndinalembamo tsamba limodzi, la kasungidwe ka khobwe ndi phulusa. Mlungu usanathe, mai wina wa ku Nyampande, amene khobwe wake amafumbwa chaka ndi chaka, anachotsa phulusa langa n'kuikapo mankhwala a m'sitolo. Mdzukulu wanga wamkazi uja anali atandionetsa podina kuti uone zakale ndi zatsopano pamodzi. Ndinayamba kulonda masamba onse, la mbuzi, la mbeu, kuyambila tsiku limene analembedwa. Likachedwa kutseguka ndinkadinanso, n'kudinanso, monga umagogodela munthu amene ukudziwa kuti ali m'nyumba.

Seva inayamba kukwawa. Apampando anati ndi fumbi, napukuta bokosi ndi mpango wao. Bambo wina wa ku Nyimba anati makina otele safuna dzanja la mkazi. Komiti inamupatsa mwana mpaka Lachisanu, zikakanika nchito yatha.

Lachinai masana mwanayo anandipeza ndikusenda nshawa.

"Ambuya, pulosesa, ubongo wa bokosi lija, ikungofaniza masamba akale tsiku lonse, anthu ena onse ali pamzele. Ndatsata, ikutumidwa ndi foni imodzi."

"Ndi wa ku Nyampande uja. Maso ake ndinawaona kale."

"Dzina likutuluka ndi lanu."

"Anandibela dzina."

"Ndi chala chomwe anakubelani?"

Ndinapitiliza kusenda.

Tsiku lomwelo anakonza kuti seva izisunga masamba okonzeka m'malo mowaphika mwatsopano kwa aliyense, naika malile a kudina. Anati ku komiti sadzanditchula. Koma amuna aja ndimawadziwa. Popanda wolakwa wooneka ndi maso, akanati mtsikana anaononga yekha n'kukonza yekha kuti atamandidwe.

Lachisanu ndinakwela minibasi, ndinakakhala pa mpando wa kutsogolo kumsonkhano wa komiti. Mwanayo atafotokoza, wa ku Nyimba anaseka.

"Foni imodzi? Ya yani, imene ilibe mwini?"

"Yanga. Pali funso lina, bambo?"

Panalibe. Mwanayo nchito ali nayo mpaka lelo. Ine seva imandilola kufaniza kasanu pa ola, kenako imandiuza kuti ndidikile. Chimene akubisa pa kachisanu ndi chimodzi sanandiuzebe.