Mphuno Yanga Itasiya Kumva Nsomba

Chizindikiro choyamba sichinali chifuwa ayi, linali dengu la utaka. Ine ndimagulitsa nsomba zouma pabenchi kunja kwa msika ku Kawale, ntchito yomwe ndinaphunzira kwa mayi anga. Iwo ankati wopikula nsomba amagula ndi mphuno, maso amangoperekeza, chifukwa nthawi ya dzinja nsomba imatha kuwala pamwamba m'kati itavunda kale. Ndiye Lolemba lina mu Januwale wa 2021 ndinalawirira kokapikula, ndinapisa dzanja pansi pa dengu, kununkhiza, osamva kanthu. Ndinati zili bwino. Nditafika nazo pabenchi, mnzanga woyandikana naye, Nabanda, anagwira mphuno n'kundifunsa ngati ndapikula nsomba kapena galu wakufa. Ndinamukalipira, poganiza kuti ndi nsanje chabe.

Nditafika kunyumba ndinafotokozera amuna anga, bambo a Shakira, omwe ndi telala wa pakhonde. Anangotsegula botolo la parafini n'kundiyandikizira kumphuno. Ndinakoka mpweya kawiri konse, koma zinali ngati ndanunkhiza madzi. Iwo anati mawa lomwe tipite kuchipatala, ine ndinati ndi chimfine.

Kukana kwangako kunali ndi chifukwa chake. Masiku amenewo nkhani yomwe inali m'kamwa mwa aliyense pamsika inali ya ngongole ya boma yothandiza mabizinesi ang'onoang'ono omwe anagwa ndi mliri wa korona. Anatiuza kuti tipange magulu a anthu khumi, ndipo tsiku lobwera akuluakulu odzationa tonse tidzapezeke pamodzi ndi ziphaso zathu. Pamsika zinkamveka kuti mmodzi akangojomba, gulu lonse libwerera kumbuyo kwa mzere. Gulu lathu linali la amayi okhaokha ogulitsa panja: a tomato, a kaunjika, a makala, a mandasi, ndi ife a nsomba. Wapampando anali Nabanda yemweyo, ndipo tsiku lathu linali Lachisanu la sabata yotsatira.

Kunyumba tinali titakanganapo kale za ngongoleyi. Bambo a Shakira ankati vuto langa si kusowa nsomba koma kusowa ogula, poti anthu anali atachotsedwa ntchito ndipo ambiri ankangodya masamba. Ankafunsa kuti ndikaunjika madengu pabenchi, mvula ikugwa chonchi, ndidzabweza ndi chiyani nsombazo zikachita nkhungu. Ine ndinkawayankha kuti munthu wokhala pamthunzi tsiku lonse sangandiphunzitse za padzuwa, ndipo kuopa ngongole ndi kuopa kulemera. Pakamwa ndili napo ine, sindibisa. Komanso tonse pamsika tinkadzinamiza kuti korona ndi matenda a anthu a m'maofesi ndi okwera ndege, ife owotchedwa ndi dzuwa sangatigwire.

Lachitatu mutu unayamba kuwawa ndipo m'thupi munaphwanya. Pofika Loweruka thupi linkatentha, chifuwa chouma chinayamba, chakudya chinasiya kukoma. Ndinati ndi malungo. Ndinamwa panado, ndinawiritsa mandimu ndi jinja, ndinafunda bulangete pamwamba pa mphika wa masamba a bulugamu mpaka thukuta kamukamu. Zinkapepuka pang'ono kenako n'kubwereranso. Mumtima ndinkadziwa ndithu chomwe chinali kundidya, koma ndinkati akakandiyeza n'kundipeza ndi korona anditsekera, ndiye amayi asanu ndi anayi aja, aliyense ndi ana ake, ataya mwayi chifukwa cha ine. Ndinapangana ndi thupi langa kuti lipirire mpaka Lachisanu.

Lachisanu linafika. Malo okumanira anali pansi pa mtengo pafupi ndi bwalo la mpira, mtunda womwe ndimayenda osaumva n'komwe, koma tsikulo ndinapumira m'njira kangapo nditagwira mipanda ya eni. Ndinakhala chapatali ndi anzanga, nditavala chotseka pakamwa, ndikunamizira chimfine. Tinadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kenako foni ya Nabanda inalira, ndipo anatiuza kuti akuluakulu aja sabwera, akuti tidzamva sabata yamawa. Anzanga anadzuka akudandaula. Ine ndinayesa kudzuka, miyendo inakana, mpweya unathera pakhosi.

Nabanda anabwera n'kundiyang'anitsitsa m'maso. Ndinamunong'oneza kuti asauze anthu, gulu lingagwe.

"Mayi a Shakira," anatero, "mukufuna tikalandire ngongole, kapena tikaphike ndiwo pamaliro anu?"

Sanadikire yankho. Anaimbira amuna anga, napeza galimoto.

Pachipatala chathu chaching'ono anandilowetsa kamtengo ka thonje m'mphuno, n'kundipanitsa kachipangizo pachala koyezera mpweya wa m'magazi. Namwino atawerenga anangoitana mnzake, ndipo posakhalitsa ananditumiza kuchipatala chachikulu. Kumeneko tinadikira pabenchi nthawi yaitali ndithu poti odwala anali ambiri ndipo mabedi anali odzaza. Bedi litapezeka, bambo a Shakira anawabweza pakhomo. Odikirira odwala sankaloledwa. Kwa ife amene tinazolowera kuti munthu akagonekedwa m'bale wake amayala chitenje pansi pa bedi, chimenechi chinandiwawa kuposa jakisoni.

Moyo wa m'chipinda chimene chija unali umodzimodzi tsiku ndi tsiku. M'mamawa ankatiyeza kutentha kwa thupi, shuga ndi mpweya. Kenako mankhwala, ndi jakisoni wa pamimba woletsa magazi kuundana. Ankatiuza kuti tizigona chafufumimba kuti mapapo atseguke, ndipo ine ndi thupi langali sizinali zophweka. Anamwino ankavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, moti tinkawazindikira ndi mawu komanso mayendedwe. Phokoso lomwe sindidzaiwala ndi la masilinda a mpweya akamawagubuduza pasimenti. Ukalimva likuyandikira, mtima unkakhala pansi. Chakudya chochokera kunyumba ankasiyira pageti, dzina litalembedwa pachivundikiro, koma m'kamwa mwanga chilichonse chinali ngati utuchi. Mabedi ena ankapezeka ali opanda munthu, ndipo palibe ankafunsa. Ndinkachita mantha kwambiri, ndipo ndinkapemphera chamumtima poti mpweya wotulutsira mawu panalibe.

Tsiku lina namwino wachikulire anandifunsa chomwe ndinachedwera kubwera. Nditamufotokozera za gulu ndi ngongole, anapukusa mutu.

"Amayi, mukanachedwanso pang'ono bwenzi tikukamba zina," anatero. "Mapapo sadikira kuti munthu amalize kaye zochita zake."

Patapita pafupifupi masabata awiri anandichotsa pampweya, ndipo kumayambiriro kwa Febuluwale ndinatuluka. Ndinapeza kuti amuna anga nawonso anawapeza ndi matenda a korona koma sanawagwetse, ndipo mwa amayi a m'gulu omwe anakayezetsa pambuyo panga, awiri anadwala n'kuchirira kunyumba. Ndimathokoza Mulungu kuti palibe amene tinamutaya. Ine ndinali wofooka moti ndowa ya madzi sindinkaitha, kusesa pabwalo kokha ndinkapumira. Koma chomwe chinkandidetsa nkhawa kwambiri chinali mphuno. Inali idakali yakufa, ndipo wogulitsa nsomba wopanda mphuno ndi wongotaya mpamba.

Ngongole ija inadzatuluka mvula itatha. Nabanda anabwera kunyumba kudzandiuza kuti malo anga anandisungira. Ndinamuthokoza, koma ndinakana. Ndinamuuza kuti tsiku lobweza silidzafunsa ngati ndikutha kuima pabenchi kapena ngati ndikumva fungo, ndipo ndikalephera ine, odzasenza ngongole yanga adzakhala amayi anzangawo. Analowetsa mayi wina m'malo mwanga. Bambo a Shakira anali pamakina pawo akumva zonse, ndipo ndinaona akumwetulira chozemba. Ndinawauza kuti asadzimve, sindinakane chifukwa cha iwo.

Anthu amandifunsabe ngati ife ogulitsa panja tiyenera kulandira ngongole zoterezi pa nthawi ya mliri. Sindinganene kuti n'zoipa, chifukwa ndinaona ndi maso anga. Mayi wa kaunjika ndi mayi wa makala zinawayendera, poti katundu wawo amadikira wogula osawonongeka. Koma mnzathu wa tomato anaunjika katundu ogula palibe, tomato anaphwanyikira m'madengu, mpaka anagulitsa matiresi ndipo gulu linachita kumusonkhera. Ndiye ine ndimati munthu ayambe wayang'ana zinthu ziwiri: ngati katundu wake angapirire dzuwa ndi mvula, komanso ngati thupi lake lingapirire. Ife a panja tilibe shopu yoti tingasiyire munthu makiyi. Ukagona iwe, bizinesi yagonanso.

Mphuno inadzuka m'mawa wina m'nyengo yozizira. Ndinali m'nyumba ndikupinda zovala pomwe ndinakuwa kuti kukupsa chinthu. Ndinatuluka n'kupeza bambo a Shakira aiwala simbi ya makala pa buluku la kasitomala, akucheza ndi wodutsa m'njira. Ananyamula bulukulo, bowo lili pabondo, n'kundiyang'ana.

"Mwamva fungo?" anafunsa.

Tinaseka mpaka misozi, ndipo buluku la eni tinalipira mosadandaula.

Ndinabwerera pabenchi ndi theka la dengu, mpamba wake wochokera ku zotseka pakamwa za zitenje zomwe amuna anga ankasoka nthawi imeneyo. Ndinakwera pang'onopang'ono, ndipo lero benchi langa ndi lodzaza ngati kale. Katemera ndinabayitsa. Thupi lili bwino, kungoti pachitunda ndimapumira kamodzi ndipo kukazizira chifuwa chimandikumbutsa. Nabanda akapikula nsomba zomukayikitsa amabwera nazo kwa ine kuti ndinunkhize, ndipo sindilephera kumufunsa ngati wabweretsa nsomba kapena galu wakufa.

Kwa anzanga a m'misika, a m'mbali mwa misewu ndi a m'makonde, ndikuti thupi likayamba kulankhula zachilendo pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale mutakhala kuti mwapangana ndi gulu, ngakhale katundu ali pabenchi. Dzuwa silitchinga matenda. Ine ndinatsala pang'ono kufera msonkhano womwe sunachitike n'komwe. Akuluakulu a ngongole aja anati tidzamva sabata yamawa, ndipo anadzabweradi, anatipeza. Mpweya wanga ukanachoka tsiku lija, sukanabweranso sabata yamawa.