Zala za Mayi Velichka

Mayi Velichka Dancheva anataipa makalata pa fakitale yoluka masokosi ya m'tauni yathu zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo palibe anawaonapo akuyang'ana zala zawo. Maso pa pepala, pakamwa akukalipira Ginka wa desiki yoyandikana nayo kuti banitsa yake, chitumbuwa cha tchizi, ikudonthezera mafuta pa mafayilo, zala zikungothamanga zokha. Sanali munthu wochezeka, tisaname. Mwamuna anamwalira kalekale, mwana mmodzi yekhayo, Desislava, anakwatiwa ku Plovdiv. Chawo chinali zalazo, ndi kanyumba ka zipinda ziwiri ka mpesa pakhomo.

Kwathu kuno zilembo za pa kompyuta zimayalidwa pawiri. Pali kayalidwe kakale ka pa taipi, kamene iwo anaphunzira ali mtsikana, ndiye pali ka ana a masiku ano. Batani lomwelo, chilembo china.

Wa makompyuta pa fakitalepo anali Momchil, bambo wamkulu ndithu, wadazi ndi mimba yake, wokhala m'kachipinda kopanda zenera. Nthabwala zake aliyense ankazidziwa. Anatembenuzapo sikirini ya Ginka chadodolido mpaka Ginka kugwira ntchito atapendeketsa khosi. Anthu ankaseka. Ukapanda kuseka, pulinta yako inkadwala sabata yathunthu. Ndipo ali khale m'kachipinda kakeko ankatha kulowa m'kompyuta ya aliyense.

Lachiwiri lina m'mwezi wa Malichi, Mayi Velichka anataipa kalata theka, nakweza maso. Zolembedwazo sizinali mawu. Zilembo zokhazokha, ngati padutsa mphaka. Anafufuta, anayambanso. Chimodzimodzi.

"Ginka, tabwera."

Ginka anayamba wapukuta kaye m'manja. Pofika iye, zonse zinali bwinobwino.

"Nanga chavuta n'chiyani, achemwali? Mwayamba ndi kachasu wa rakiya m'mawa muno?"

Mawa lake zinabweranso, kamphindi, n'kusiya. Lachisanu kawiri. Anaitana Momchil. Anabwera akutafuna chingamu, anagogodagogoda mabatani.

"Galimoto ili bwino, azakhali. Kaya dalaivala."

Ofesi yonse inaseka, ngakhale anthu sankadziwa chimene akusekera. Mayi Velichka sanaseke. Amayi awo owabereka anayamba kusokonekera mutu ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo anamwalira akufunsa mwana wawo yemwe kuti, kodi inu ndinu anesi? Mayi Velichka anali atatsala ndi chaka chimodzi kuti afike pamenepo. Zimenezi Momchil sankazidziwa. Sanafunsepo.

Anayamba kuyang'ana zala. Akuona ndi maso kuti adina chakuti, pa sikirini patuluka china. Ndiye ungadandaulire ndani? Makina anena kale kuti ali bwino. Anasiya kuitana anthu. Zikayamba, ankangoika manja pa miyendo n'kudikira, thukuta lili kamukamu. Tulo tinathawa. Munthu wosagona amaiwala, ndiye anapsereza nyemba, anasiya ambulera m'basi, ndipo chilichonse ankachiwerengera ku matenda aja.

Patatha masabata asanu anauza Desislava. Mwanayo anabwera n'kuwatengera kwa dokotala. Dokotala anawafunsa tsiku, anawauza kuti ajambule wotchi, awerenge chobwerera m'mbuyo. Mayi Velichka analakwitsa kawiri. Dokotala anati sanganene msanga, abwerenso ikatha miyezi isanu ndi umodzi, koma kukhala okha si bwino.

Desislava ndi mwana wabwino, koma akagwira chinthu sasiya. Kwake ku Plovdiv anachotsa njinga za ana m'kachipinda ka kuseri, anaikamo bedi la amayi ake. Kalata yosiyira ntchito Mayi Velichka anailemba pamanja. Munthu wotaipa zaka zonsezo!

Tsiku lomaliza anabweretsa bokosi la chokoleti monga timachitira, akuzungulira nalo ofesi ndi ofesi. Momchil anakumana nawo m'khonde, anatenga ziwiri.

"Ndiye mwatithawa, azakhali? Ndizisewera ndi ndani tsopano?"

"Mutu, mwanawe. Zala sizikundimveranso."

Momchil anasiya kutafuna. Anayang'ana uku ndi uku, anatsitsa mawu.

"Aaa, azakhali, zilembo zija? Ndinali ine. Ndimangokusinthirani kayalidwe pang'ono n'kubweza. Ndimayesa mutulukira tsiku lomwelo, inu katswiri. Ndiye nkhope yanu imene ija... ndimangofuna tiseke."

"Iwe?"

"Musauze abwana, chonde. Anandichenjeza kale za Ginka."

Sanamumenye. Bokosi silinagwe n'komwe. Anangotsala pang'ono kumupsompsona pa dazipo. Sakudwala! Pomwepo anatulutsa foni.

"Desi, mwanangu, usabwere ndi galimoto. Ndilibe matenda. Ndi wa makompyuta, amalowa m'makina anga ali ku chipinda kwake, n'kumandisinthira zilembo."

Desislava anayankha mofatsa.

"Amayi, munthu azikusinthirani zilembo masabata asanu ndi awiri? Kuti apindule chiyani?"

"Kuti aseke!"

"Dokotala ananena kuti zikhoza kuyamba chonchi, kumaganizira anthu. Mwadya?"

"Ali pompano! Lankhula naye wekha."

Mayi Velichka anamupanikiza Momchil foni m'manja. Nthawi yomweyo chitseko cha abwana chinatseguka, Bambo Hristozov n'kuima pakhomo ndi kapu ya khofi, akufunsa ngati chokoleti chatsalako. Momchil anayang'ana abwana, anayang'ana foni.

"Halo, mayi. Eee, ndine wa makompyuta. Makina a azakhali ndinawaona. Alibe vuto lililonse."

Anabweza foni, nalowa m'kachipinda kake, n'kutseka.

Mayi Velichka anamugogodera. Sanatsegule. Anauza Ginka, Ginka anati n'zotheka, galu ameneyo, koma maso ake anali achisoni, ndipo anawasisita pa phewa ngati wodwala. Anauza abwana. Abwana anati afufuza, koma malo apereka kale kwa mdzukulu wa akazi awo, ayamba Lolemba.

Loweruka mkamwini anabwera ndi galimoto yobwereka. Ananyamula makina osokera, zithunzi, mabotolo a tsabola wa chaka chatha. Makiyi a nyumba Desislava anaponya m'chikwama chake. Mayi Velichka anakhala kumbuyo, pakati pa katundu, ndipo asanatuluke m'tauni anayambanso kufotokoza, pang'onopang'ono, mwadongosolo, kuti aone kuti mutu uli bwino: kayalidwe kakale, kayalidwe katsopano, kachipinda kopanda zenera. Akamafotokoza bwino, m'pamenenso zinkamveka ngati za wodwala. Iwo omwe ankadzimva.

Desislava anayang'ana mwamuna wake. Mwamunayo anayang'ana msewu.

"Inde, amayi," anatero Desislava. "Tamva. Tsamirani, ulendo ndi wautali."