Alamu anilanda mpando wa pazenera

Mwaswera bwanji nonse. Tafika bwino ku Ndola, koma mtima wanga ukuwawa.

Mwana wanga Chipo ananigulira tikiti ya ndege, mpando wa pazenera. Anasankha dala kuti ponyamuka nione munda wathu ku Kasisi na mitengo ya kumanda komwe tinaika atate ake. Ndege zikamadutsa ife tikulima, malemuwo ankati, "Amake Chipo, tsiku lina tidzaona denga lathu tili kumwamba."

Polowa m'ndege napeza alamu a Phiri, akulu awo a malemu, omwe tili nawo paulendowu, akhala kale pampando wanga. Nawaonetsa pepala, iwo ati, "Mlamu, wamkulu sapanikizika pakati." Ine nili m'zovala zakuda, ningakangane na akuchimuna pamaso pa anthu? Nangokhala pakatipo.

Ndege isananyamuke n'komwe, atseka zenera ati dzuwa likuwaotcha, basi agona. Kasisi yonse yadutsa pansi iwo akuliza mkonono!

Tibwerera Lamlungu, ndipo Chipo wanisankhiranso pazenera. Abale, alamu akakhalaponso, nikawauza kuti asunthe nilakwa? Ulemu nawapatsa kale popita. Pobwera nifuna kuona pomwe agona amuna anga.