Mpando wa Kopolo Lazalo

Ndinanyamuka ku Mchesi m'mawa wa Loweruka, nditavala shati yoyera yobwereka. Agogo aamuna anandigwira dzanja pakhomo.

"Yohane, ndimakudziwa iwe. Sukulu unaisiya chifukwa cha ndewu. Lero ukukatenga maliro a bambo anga, ndipo wonyamula maliro sakangana ndi munthu. Usakawaike pansi, usakawapanikize ngati thumba la makala. Ukakaponya chibakera, usalowe nawo m'nyumba muno."

Bambo awo, Kopolo Lazalo, anapita kunkhondo yaikulu ya azungu agogo ali m'mimba. Anagwidwa ndi adani ku Burma, nafera mumsasa wa akaidi. Poti kuno kunalibe manda, anthu ankati ndi mtchona, anakakwatira komweko. Agogo akula ndi chitonzo chimenecho mpaka imvi mbuu. Tsono mayi Gondwe a ku Area 10, kumene azakhali anga amachapa ndi kusita, atapita kudziko limenelo pa ntchito, anafunafuna mpaka anawapeza mandawo, natapako dothi.

Ndinadutsa mu Msika wa Lilongwe, ndinagula nsalu yoyera, ndipo kudepoti ndinakwera minibasi ya ku City Centre, K1,500. Tinathinana ngati usipa. Kuchokera ku City Centre ndinayenda wapansi ndikukukuta chimanga chootcha, poti ku Area 10 minibasi sizilowa. Kumeneko kulibe woti umufunse njira. Mipanda yokhayokha, ndipo amene amakulonjera ndi agalu.

Cha m'ma 10 koloko ndinagogoda pageti. Mlonda anasuzumira pakabowo.

"Maganyu kulibe, mphwanga."

Makutu anga anatentha, koma ndinakumbukira mawu a agogo. "Achimwene, ndabwera kudzatenga maliro."

Geti linatseguka lonse. Mayi Gondwe anatuluka okha atanyamula botolo ndi manja awiri. Munali dothi lofiirira, lofanana ndi lathu lomweli. Anati mandawo ndi osesedwa bwino, ali pamzere ndi anzawo, ndipo pamwala pali dzina lawo. Botololo ndinalikulunga munsalu ija.

Mayeso enieni anali pobwerera. Pasiteji ya ku City Centre ndinakwera minibasi, ndinakhazika botolo pampando wa pazenera, ine pambali pake, n'kupereka ndalama ya anthu awiri. Kondakitala anailandira bwinobwino. Koma titangoyenda pang'ono anaona munthu wina m'mbali mwa msewu, namenya chitseko kuti dalaivala aime.

"Aise, kakatundu kakoko ukanyamule pamiyendo."

"Mpandowu ndalipira."

"Ndiye botolo likhale, munthu aime? Muli chiyani, golide? Kapena ndi zithumwa za agogo ako?"

Anthu anaseka. Iye anatambasula mkono kuti alichotse. Abale inu, chibakera changa chinadzikunga chokha. Ndinaiona bwinobwino mphuno yake, pamene ndikanagwetsa. Koma m'makutu munali mawu a agogo. Dzanja lija ndinalikhalira, ndithu kulikhalira, ndipo ndinayankhula mokweza mpaka wakumbuyo anamva.

"Amenewa ndi Kopolo Lazalo a kwa Kalumbu. Anafera m'manja mwa adani kunkhondo, kutsidya kwa nyanja. Mwana wawo sanawaonepo, akuwadikira ku Mchesi. Lero ndiye akubwera kwawo. Akhale pansi pa mpando?"

Bambo wina wa tayi anavula chipewa. Mayi wonenepa amene ananyamula dengu la tomato anamukodola kondakitala ndi chigongono.

"Iwe, unaleredwa ndi ndani? Maliro amawakhudza choncho?"

"Pepani amayi, sindimadziwa."

"Usapepese ine. Pepesa akuluwo."

Kondakitala uja anagwada pakati pa miyendo ya anthu n'kuwomba m'manja katatu kuloza botolo. Dalaivala anazimitsa wailesi, anatsika, anathyola nthambi yamasamba n'kuisomeka kutsogolo kwa galimoto monga achitira ndi ya maliro. Kenaka anafunsa ngati pali wofulumira. Onse anati ayi. Anakhota, natizungulitsa pa chipilala chachitali chokumbukira asilikali ofera kunkhondo, pang'onopang'ono, magetsi akuphethira. Mayi wa tomato anayambitsa nyimbo ya maliro, onse anavomera, ndi kondakitala yemwe, ngakhale mawu ake anali ngati chitseko chadzimbiri. Msilikali wina amene anaima m'mbali mwa msewu anafunsa kuti wamwalira ndani. Atamuuza, anawongoka n'kumenya sawasha mpaka tinapitirira.

Ku Old Town sanatitsitsire kudepoti. Dalaivala anati msilikali satsikira pasiteji, ndipo anatifikitsa mpaka pakhomo ku Mchesi cha m'ma 1 koloko. Ana anathamangira galimoto, amayi oyandikana nafe anayamba nthungululu. Agogo anatuluka ndi ndodo yawo, anaona nthambi, anaona anthu osawadziwa akutsika mmodzimmodzi akuimba. Anataya ndodo, nalandira botolo pachifuwa.

"Bambo, mwafika? Ndine Faniwelo, mwana wanu uja munamusiya m'mimba." Kenaka anatembenukira kukhamu lija. "Uyu ndi mtchona uyu? Mtchona amabwera chonchi?"

Atatero anagwira dzanja langa lamanja, naliyang'ana mbali zonse. Linalibe bala, linangochita dzanzi. Ndewu ndamenya zambiri, koma yomwe ndinapambana ndi imeneyi, ndipo dzanja ndinali nditalikhalira.