Mawu awiri amene ndinawatola ku Ndirande

Ndinabwerera kusukulu ndili ndi ana atatu komanso benchi ya kaunjika mumsika wa Ndirande. Mayeso a Fomu 4 ndinali nditalembapo kawiri, ndipo kawiri konseko Chingerezi chinandigwetsa. Ukalephera Chingerezi satifiketi supatsidwa, ngakhale masamu uwakhoze chotani. Amuna anga anati ulendo uno ndi womaliza, ndipo sindinawatsutse.

Aphunzitsi athu a kalasi ya masana anali bambo wopuma pantchito, wouma mutu, wodana ndi zoloweza. Lachisanu lina analemba pabolodi mawu awiri, meander ndi insinuate. Oyambawo, anati, ndi kuyenda mokhotakhota. Achiwiriwo ndi kunenera munthu choipa mozembera, osachitchula. Kenako anatiletsa kutsegula dikishonale. "Mawu amene simunawaone ndi maso si anu. Kawapezeni kwanu, mubwere nawo Lolemba."

Ndinatuluka nditakwiya. Munthu wamkulu ngati ine, kukasaka mawu m'makwalala ngati nkhuku yosowa!

Koma oyamba aja ndinawapeza tsiku lomwelo. Njira yochokera kumsika kupita kwathu sidziwa kuwongoka. Imazemba bafa la eni, kukhotera kuseri kwa chigayo, kutsata mtsinje wa Nasolo pang'ono, kenako n'kubwerera ngati yaiwala kanthu. Zaka zonsezo ndinkangoitukwana ndili ndi belo pamutu, osadziwa kuti kayendedwe kake kali ndi dzina m'Chingerezi.

Achiwiriwo anandipeza okha Lamulungu titaweruka kutchalitchi. Alamu anga, achemwali a amuna anga, anabwera kudzacheza kuchokera ku Chilomoni. Ataona makope patebulo anamwetulira.

"Alamu, mukulimbikira ndithu. Kwathu kujanso kuli mayi wina, naye ankati akupita kusukulu masana. Anthu amayankhula, eti. Kaya aphunzitsi ake anali otani."

Dzina langa sanalitchule, koma amuna anga anaika kapu pansi. Alendo atapita anandifunsa kuti kalasi imatha nthawi yanji, funso limene anali asanandifunsepo. Mtima unandiwawa kwambiri, ndipo ndinaopa kuti sukulu yathera pomwepa. Pakamwa panga sipachedwa, mumsika amandidziwa, koma tsiku limenelo ndinatenga bolopeni n'kulemba mawu onse a alamu kumapeto kwa kope.

Lolemba ndinafotokoza zonse ziwiri m'kalasi, m'Chingerezi changa chotsimphina. Anzanga anaseka mpaka misozi. Aphunzitsi anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Mayi, mwawapeza." Kuyambira pamenepo mawu aliwonse atsopano ndinkakawasaka pakati pa ogula, ogulitsa ndi anansi, ndipo sankandithawanso. Pamayeso, chimangirizo changa chinali cha njira ya kwathu ndi mlendo wa Lamulungu.

Zotsatira zitatuluka, Chingerezi ndinali nditakhoza, ndi kirediti yomwe. Ndinanyada, sindibisa, ndipo mpaka lero ndimanyada. Amuna anga anati tingowaimbira foni alamu. Ndinakana. Ndinakwera minibasi ziwiri mpaka ku Chilomoni, n'kuwapeza akuchapa pakhonde. Ndinawaonetsa pepala la zotsatira zanga.

"Alamu, mayi munkanena uja ndine. Kusukulu ndinkapitadi, ndipo chimene ndinkakatenga kwa aphunzitsi aja ndi ichi. Ngati pali china, nenani mowongoka, ndili pano."

Anapukuta manja pachitenje kwa nthawi yaitali asanaligwire pepalalo.