Dima la Mbatata ku Mphunzi

Apolisi anabwera Lachiwiri m'mawa, chakumapeto kwa Malichi 1959, nkhungu isanachoke paphiri. Ine ndinali pakhonde ndikukhomera khasu pampini. Wapolisi wamkuluyo anapanga odi bwinobwino ngati munthu wodzapala moto, mkazi wanga n'kuyankha kuti afike. Anali ndi pakati, mimba itakula kale, ndipo anavutika kugwada powapatsa moni.

"Ndinu amene munaitanitsa msonkhano?" anandifunsa wapolisiyo.

"Msonkhano wanji, bambo?"

"Mukayankha ku Boma. Tengani bulangeti."

Ndifotokoze za msonkhanowo. Kumayambiriro kwa mwezi umenewo boma linaika lamulo ladzidzidzi. Misonkhano inaletsedwa, ndipo amuna ambiri anatengedwa. Mmodzi wa iwo anali mnansi wanga, munthu wa chipani. Ine zandale sindinkazitsata. Ndinali mkulu wa mpingo komanso mlimi wa mbatata ya kachewere, basi. Mnansiyo anasiya mkazi, ana ang'onoang'ono ndi munda wa mbatata yokhwima. Kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa kuti mbatata ikakhwima mvula ikadagwa, ukachedwa kukumba imawolera pansi. Mayiyo ankakumba yekha, mwana wina kumbuyo, wina akulira pamzere.

Lamulungu titatha mapemphero ndinaimirira n'kunena kuti, "Abale, mawa tonse tikakumane kumunda kwa mayi aja. Aliyense abwere ndi khasu lake." Limenelo ndi dima, kugwirira pamodzi m'munda wa mmodzi, monga ankachitira makolo athu. Ife Akhristu tinangochotsapo mowa n'kuikapo thobwa. Anthu anabwera ambiri, tinakumba tikuimba nyimbo za m'tchalitchi, ndipo dzuwa lisanapendeke mbatata yonse inali m'nyumba. Sizinandibwerere n'komwe m'mutu kuti amuna osonkhana ndi makasu, akuimba pamunda wa munthu womangidwa, wina angakazinene mwamtundu wina.

Apolisi akundimanga unyolo, mkazi wanga anafunsa chinthu chimodzi chokha. "Nanga mbatata yathu, bambo?" Yathuyo inali itatsala pang'ono kukhwima. Alongo ake onse anali ku Joni, mayi ake anali okalamba, osaona bwino.

"Musaigwire, mayi," ndinatero. "Ndikawafotokozera, Lachisanu ndabwera." Ndinkakhulupiriradi zimenezo.

Ku Boma amene anandifunsa anali mzungu, kudzera mwa womasulira wachikuda.

"Akuti anthu anabwera ndi zida."

"Makasu, bwana."

"Bwanji simunakathandize munthu wina aliyense, koma mkazi wa munthu wa chipani?"

"Chifukwa ndi amene mwamuna wake munamutenga."

Womasulira uja asanatembenuze mawuwo anandiyang'ana n'kunena chapansipansi kuti, "Akulu, yankho limeneli likupwetekani." Koma analimasulirabe, inali ntchito yake. Kenaka mzungu uja anafuna kuti nditchule onse amene anabwera. Ndinati ndinali wowerama, maso anga anali pa mbatata. Ananditengera kuchipinda china cha kuseri. Za m'menemo sizinatenge nthawi yaitali. Khutu langa lakumanzere silimva mpaka lero.

Mu Epulo anatikweza lole n'kupita nafe kummwera, kumsasa wozunguliridwa ndi waya. Sindinaonepo bwalo la milandu. Kumeneko ndinakumana ndi mnansi wanga uja, ataonda, ndevu zitamera mpaka m'khosi. Ndinamuuza kuti mbatata yake ili m'nyumba, ana ake akudya. Anandigwira dzanja osalitaya.

"Nanga inu mwadzera chiyani kuno, akulu a mpingo?"

"Mbatata yomweyo," ndinatero. Tinaseka pang'ono, kenaka iye anatembenukira kukhoma.

Njala inalipo, nsabwe zinalipo, koma chimene chinkandidya chinali china. Mvula ikagwa pamalata, anzanga ankatchera zitini, ine mtima uli kumunda. Ndinkamuona mkazi wanga ndi mimba ija, ataima pamzere. Ndinkadzifunsa kuti ndani angayerekeze kunyamula khasu kupita kwa mkazi wa womangidwa, mudzi wonse utaona zimene zinandichitikira ine. Amati mnzako akapsa ndevu mzimire, koma sananene zoti wozimayo akapsa manja zimatha bwanji. Ndinamukwiyira Mulungu, ndinene zoona. Ndinkapemphera m'mawa uliwonse, koma mapemphero ake anali ngati a munthu wokangana ndi atate ake.

Mu Juni, mwezi womwe mwana ankayembekezeka, ndinagwadira msilikali wina, mnyamata woti ndikanatha kumubala. Ndinamupempha kuti anditumizire mawu kumudzi, kapena angondifunsirako ngati mkazi wanga ali moyo.

"Madala, nkhani za kumudzi zimathera pageti," anatero. Sananene mwankhanza. Anandiuza kuti ndidzuke, ndikudetsa mawondo.

Ananditulutsa mu Okutobala. Kalaliki wa pamsasapo anangoti mlandu wanga watha. Nditafunsa kuti unali mlandu wanji, anati, "Mukufuna kubwereranso?" Ndinatsika lole pa Linthipe n'kuyamba wapansi, dzuwa likuswa mtengo. Ndinadzera kumunda ndisanafike kunyumba. Mizere ina inali yokumba, yambiri inali yosakhudza, thengo litamera pamwamba.

Mkazi wanga ndinamupeza akupeta chimanga. Anali ataonda, ndipo kumbuyo kunalibe mwana. Ndinayang'ana pamphasa, ndinayang'ana pakhomo. Anandipatsa madzi, n'kudikira kuti ndimwe.

"Anali wamwamuna," anatero. "Anabwera msanga, ndili kumunda. Sanagone nafe. Amayi anakamuika kudambo."

Anali atakumba yekha, akusenza madengu kukwera nawo chitunda chochokera kumunda, mpaka tsiku limenelo. Ndinaimirira n'kuyamba kutchula anthu mmodzimmodzi, omwe aja ndinakana kuwatchula ku Boma. Mpingo wonse uja, ndinatero, anthu oimba mokweza Lamulungu, palibe ndi mmodzi yemwe wonyamula khasu? Ndinati ndikaima kutsogolo kwa tchalitchi n'kuwauza kumaso.

"Khalani pansi, bambo," anatero mkazi wanga. "Anabwera."

Ndinakhala pansi.

"Lolemba lotsatira anabwera onse ndi makasu, mkazi wa mnansi uja ali patsogolo, thobwa lili pamutu. Ndinawabweza ndine. Ndinaima panjira n'kuwauza kuti wolowa m'munda muno ndimukuwira ngati wakuba. Anabweranso mmodzimmodzi, ndinawabwezabe. Pamudzi pano panali kale nyumba ziwiri zopanda amuna. Ndikanafuna zikhale zingati?"

Ine ndinachita chabwino changa ndisakudziwa mtengo wake, tsiku limodzi, ndikuimba. Iye anachita chake akudziwa, ali yekha, ndipo palibe anamuthokoza kutsogolo kwa mpingo.

Patapita zaka mbendera inasintha, anthu anavina pa Boma. Achinyamata akamandifunsa za ufulu amayembekezera mawu akuluakulu, koma ine ndilibe. Ndimawauza kuti ufulu ndi woti munthu anyamule khasu kupita kumunda kwa mnzake wovutika osacheuka, ndiponso woti wovutikayo amulandire osaopa kuti akumuponya m'dzenje. Ena amakhumudwa nalo yankholi, amaona ngati ndakalamba.

Tinabereka ana ena, anakula. Za mwana tinamutaya uja sitinkazikamba. Tsiku lina tikukumba mbatata awiriwiri, tonse imvi zili mbuu, ndinamufunsa ngati akanawabwezanso anthu aja, akanadziwa mathero ake. Anakutumula dothi pambatata, n'kuiponya m'dengu.

"Musandifunse zimenezo, bambo," anatero. "Ndimadzifunsa ndekha tsiku lililonse, ndipo sindinayankhebe."