Chaka chimene ndinkati ndadya kale

Mundikhululukire polimba mtima kulemba. Sukulu yanga yambiri ndi ya kumudzi, ndipo nkhani yake ndi yaing'ono, ya chakudya basi.

Nditalephera mayeso a fomu 4, amalume ananditenga kuti ndikabwereze ndikukhala kwawo ku Domasi, kumene amagwira ntchito ya mu ofesi. Akazi awo, omwe ndimawatchula kuti anti, ndi aphunzitsi ndipo anakulira m'tauni. Ali ndi mwana mmodzi, mtsikana, amene nthawi imeneyo anali sitandade 2. Mayi pondiperekeza ku siteji anangoti, "Kwa eni sachita dyera."

Kwathu mlendo akapatsidwa chakudya amayamba wakana. Mwini nyumba amakakamiza, mlendo n'kukananso pang'ono, kenako amasamba m'manja. Kwa amalume kunalibe zimenezo. M'mawa anti ankafunsa kamodzi, "Umwa tiyi?" Ine ndinkati, "Zikomo anti, ndili bwino," n'kumadikira kuti afunsenso. Iwo ankatseka fulasiki n'kunyamuka. Masana panyumba panalibe wamkulu. Anali atandiuza kuti zonse zili m'kabati ndi m'firiji, ndikamva njala ndizitenga, koma ine ndinali ndisanavundukulepo mphika wa eni. Madzulo aliyense ankadzigawira yekha patebulo. Ndinkatenga mpunga wongophimba pakati pa mbale, n'kusiyakonso pang'ono kuti aone kuti ndakhuta.

Poyamba njala inkandipweteka. Kenako inasiya, ndipo ndinkati ndazolowera. Chimene chinabwera ndi kuzizidwa. Ndinkavala juzi dzuwa likuswa mtengo. Siketi ndinayamba kuimanga ndi pini. M'kalasi ndinkabwereza mzere umodzi osatolapo kanthu, ndipo ndikaimirira m'maso munkachita mdima. Akandituma kumsika wa ku Songani ndinkapumira panjira. Ndinasiyanso kupita kumwezi, koma sindinauze munthu.

Mtima nawo unasintha. Kulira kwa supuni m'kapu kunkandinyansa. Anzanga akaseka ndinkati akuseka ine. Tsiku lina mwana uja anabwera pamene ndinkawerenga, buledi wopaka majarini ali m'manja, kuti ndimuthandize samu. Ndinamukankha, anamenyetsa mlomo pampando, magazi anatuluka. Ndinangomuyang'ana osamva chisoni, ndipo anti polowa anandipeza ndikuyang'ana choncho. Anauza amalume, ine ndikumva, kuti sangasunge munthu wokwinya nkhope tsiku ndi tsiku amene wayamba kumenya ana. Anaimbira mayi kuti adzanditenge. Kubwerera kumudzi mayeso asanafike kunali kutha kwa sukulu yanga. Ndinalongedza chikwama.

Mayi anafika chakumasana, atanyamuka kwathu mbandakucha. Anti anabweretsa tiyi ndi chinangwa chophika.

"Alamu, imwani tiyi."

"Zikomo alamu, ndadya kale."

Anti ananyamula thireyi n'kumabwerera nayo kukhitchini. Amalume anaseka n'kutembenukira kwa akazi awo.

"Mayi, mwawalanda? Achemwali angawa sadya pofunsidwa kamodzi. Akomokera pampando pomwepo ali zikomo, zikomo."

"Nanga si akuti adya kale?"

"Adyera kuti, mu minibasi? Kwathu timakana kaye. Inenso ndinkakana, munandisiyitsa ndinu ndi njala."

"Iwe, usandiyalutse kwa alamu," mayi anatero, naonso akuseka.

Anti sanaseke. Anaima pakhomo la khitchini, thireyi ili m'manja, akundiyang'ana kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno.

"Iwe, masana umadya chiyani?"

Mayi anandigwira pamkono pamwamba pa chigongono, zala zawo zinakumana.

Anagwirizana kuti ndikhale kaye, koma chikwama chikhale chomanga, pakuti za mlomo wa mwana anti anali asanaiwale. Anti ananditengera kuchipatala, kumene anati magazi ndi ochepa. Anandipatsa mapiritsi n'kundiuza kuti ndizidya pang'onopang'ono koma nthawi yake, ngakhale njala palibe.

Zinali zovuta kuposa kusadya kuja. Anti anasiya kufunsa. M'mawa ankangoika phala la nsinjiro patsogolo panga n'kuima pomwepo, makiyi ali m'manja. Ndinkameza ndi nseru, m'mimba n'kutupa mpaka kusukulu. Masana anandipatsa ntchito yophikira mwana uja ndi kudya naye, ndipo iyeyo anamupatsa ntchito yokanena. Poyamba ankakhala kutali nane. Madzulo ankathamangira mayi ake pakhomo: "Asisi asiyanso nyemba, abisa pansi pa mbale!" Ndinkamukwiyira, koma nyembazo ndinayamba kumaliza.

Kenako njala inabwerera, yaukali. Ndinkamaliza kudya n'kumaganiza za chakudya china, ndipo ndinkachita manyazi. Ndinauza anti ndikuyang'ana pansi. Iwo anati kuchipatala ananena kale kuti zidzatero, n'kundiikira nthochi ndi mtedza m'thumba la makope.

Sindikudziwa tsiku limene mkwiyo unachoka. Ndinangozindikira kuti ndamaliza tsamba ndipo ndikukumbukira zimene linanena. Mwana uja anayamba kutsamira pamwendo panga tikamachita samu. Pali masiku ena amene ndinkabwerera m'mbuyo, makamaka kukabwera alendo, ndipo anti ankangondikankhira mbale. Kumwezi ndiko kunachedwa kwambiri.

Amalume anali atandilipirira kale mayeso, komabe za kukhala kwanga palibe ankanena, ndipo ine sindinkafunsa. Zovala ndinkachapa n'kubwezera m'chikwama. Tsiku lina anti akusesa kuchipinda kwanga anachigunda ndi tsache.

"Chikwamachi chikusunga mphemvu. Masula, uike zovala m'kabati."

Ndinamasula tsiku lomwelo. Linali Loweruka loyamba la mwezi wa Meyi.